Tayala la a Vitorino

Bambo a Vanda,

Musandifunefune, ndakwera shapa, minibasi ya m'mawa ija, ndapita ku banki ku Cuamba. Ndimaona pa foni mmene ndalama zatulukira, ndiye ndapeza mametikali 2,300 atalipidwa ku sitolo ya zida za njinga zamoto pa 28. Ine njinga yamoto ndinaigula liti? Tsiku limenelo ndinali m'kalasi, manja ali mbuu ndi choko!

Ndinatsala pang'ono kukuwa kuti akuba, kenako ndinakumbukira. Ndi tsiku lomwe munapatsa ang'ono anu a Vitorino khadi langa kuti akatitapire malipiro, nambala yachinsinsi mutailemba pakapepala n'kukulunga pamodzi ndi khadilo. Nditadandaula munati, "Iwe, m'bale wanga ameneyu." Lamulungu anabwera pano njinga yawo yamoto ili ndi tayala lakumbuyo latsopano, lonyezimira, ine wopusa n'kumawayamikira kuti geni ikuyenda!

Ndikafunsa dzina la sitoloyo ndi nthawi imene khadi linagwira ntchito, ndikasinthanso nambala. Yatsopanoyo musavutike n'kundifunsa.

Mudutse kusukulu mukauze a diretori, ahedi athu, kuti ndibwera mawa. Vanda amwe mankhwala ake masana. Nyemba zili pamoto, musapsereze ngati ulendo uja. Pepani, ndalama ya shapa ndatenga m'thumba la jekete lanu.

A Vitorino musawatsine khutu. Zikakhala mbava zosadziwika, ndidzawapepesa ndekha, chogwada. Koma likakhala tayala lija, alimasule, ndidzalipeze pakhonde pano. Ndi langa, ndinagula ndine.

Josefina