Thunthu la Nthochi m'Bokosi la Makaiko

Lachinayi, 7 Disembala 1961, Sakubva

Denga ladonthanso pomwe paja.

Wailesi ya alamu anga a Laison yakumbutsa za tsiku lija. Zaka makumi awiri, akuti, chiphulitsireni Ajapani zombo za Amereka padoko. Lamlungu m'mawa, anthu ali m'tulo, ndege zinangotulukira. Dzina la dokolo limandikanika. Nyanja yake sindinaionepo. Koma moto wake unafika mpaka ku Ntcheu n'kunditengera mwamuna wanga Makaiko, ine ndili ndi pakati pa Phillip. Usilikali. Zomba, Burma, kenako zii. Sananene kuti wafa. Anati sakuoneka.

Sitima ya ku Beira yalira madzulo. Ndaima pakhomo monga masiku onse. Anthu akwathu amatsika imeneyo.

Lamlungu, 10 Disembala

Nkhoswe yabwerako ku Zimunya chimanjamanja. Makolo a Emelda, mtsikana amene Phillip akufuna kukwatira, akana. Iwo sakumuda Phillip ayi, ntchito yake ya kunjanji aikonda. Funso lawo n'limodzi: bambo wa mnyamata ali moyo kapena anafa? Ngati ali moyo, abwere adzalankhule. Ngati anafa, manda ali kuti? Mwana wawo sangalowe m'nyumba ya mzimu woyendayenda. Khirisimasi ikadutsa amupereka kwa wina wa mabasi.

Anthu akunowa. Tsiku lililonse kutinena ife obwera kuti Mabhurandaya opanda kwawo. Koma apa pokha sindingawatsutse, ndipo n'chimene chandipsetsa mtima.

Lachitatu, 13 Disembala

Alamu akuti, "Mlamu, tidule nthochi, thunthu tiliike m'bokosi, monga timachitira kwathu munthu akapita ndi madzi."

Ndawalalatira. Ndati mbale wanu mwatopa naye eti? Si inu munanditenga ku Ntcheu kuti akabwera adzatipeze pamodzi? Angoweramitsa mutu. Nawonso akalamba, ndaona lero.

Anamuona atafa ndani?

Lachisanu, 15 Disembala

Phillip sakudya. Sanandipemphe kanthu. Bola akanandikalipira. Ndamupeza akusita malaya aja anagulira ulendo wa ku Zimunya, kusita bwinobwino, n'kuwabwezera m'sutikesi. Kumbuyo kwa khosi, bambo wake ndendende. Bambo amene sanamuonepo.

Ndili ndi mantha. Kukwirira munthu wamoyo si kupha kodi?

Lolemba, 18 Disembala

Ndadula ndekha. Dzanja la wina sindinalifune. Nthochi ya kuseri kwa nyumba ija. Msinkhu ndayeza pa ine, ankandiposa ndi mutu. Utomoni wathimbiritsa diresi, ndipo suchoka umenewu.

Lachiwiri, 19 Disembala

A sosaite ya maliro abweretsa bokosi. Amayi a Mvano aimba. Onyamula akuti kulemera ngati munthu weniweni. Mutu taulozetsa kwathu.

Bambo a Emelda anabwera, chipewa m'manja. Aponya dothi, agwira Phillip chanza nthawi yaitali. Kandege kena kadutsa pamwamba pa phiri abusa ali mkati mopemphera. Wakweza maso ndine ndekha.

Misozi sinabwere. Anthu amandiyang'ana, kudikira.

Lachinayi, 21 Disembala

Kumeta. Andimeta ndi a Tabitha a ku Mvano, lumo lakuthwa, dzanja lofatsa. Ndine wamasiye tsopano, mzinda wonse ukudziwa.

Ku Zimunya atumiza mawu, nkhoswe ipite Loweruka. Phillip wadya mpaka kupempha zina. Malaya atulukanso m'sutikesi. Ndakondwa, Mulungu ndi mboni, ndakondwa.

Sitima ya ku Beira yalira. Ndangozindikira ndili pakhomo, maso ku njira ya kusiteshoni. Mphepo yandizizira kumutu. Ndagwirako. Mpala.

Makaiko akatsika lero andidutsa osandidziwa.