Shopu Yanu Ndaipereka kwa Esinati

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Wimbe tilipo. Fodya wachita bwino, chigafa chadzaza, kungoti mbuzi za a Phiri zinalowanso m'dimba lanu n'kumaliza mpiru wonse. Mpongozi wanu anachira bwinobwino, mwana wamkazi. Zala zake n'zazitali ngati zanu.

Nkhani yaikulu ndi ya shopu yanu yosokera ija ya pa boma. Ndimakumbukabe mmene munayambira, kuika zigamba pa ziguduli za fodya pakhonde, tepi ili m'khosi, mashini akulira mpaka nkhuku kuzolowera. Kenaka linabwera lamulo lija loti ntchito zina za boma zizipita ku mabizinesi a amayi ndi achinyamata. Tsiku lomwe anakupatsani oda ya nsalu za pabedi za kuchipatala munavina pamsewu, ine manyazi kundigwira. Lero ndikanalipira kuti ndionenso kavinidwe kaja.

Chaka chino nditapita kukafunsira odayo, anandiuza kuti shopu ikakhala yanga, ndikapikisane ndi makampani a ku Lilongwe. Paja sindine mayi, ndipo ndi imvi zangazi uchinyamata unapita kalekale. Koma popanda oda imeneyo, Amayi, shopu ikanatsekedwa.

Amalume a Yohane, achimwene anu, anandinong'oneza kuti ndisasinthe mapepala, dzina lanu lizipitirira ngati mulipo, ine ndizingosaina. Sindinama, ndinakopeka. Koma ndinakumbukira zomwe munkanena mukapeza msoko wokhota: “Masula, usaubise ndi simbi.” Inu munagwira ntchito moyo wanu wonse, ndiye ndikugwiritseninso ina muli m'manda? Ndinakana.

Shopu ndaipereka kwa Esinati, chitsirizira chanu, osati dzina lokha ayi, koma makiyi ndi zonse. Zinandiwawa, poti ndinkayesa kuti ndi yanga monga mwana woyamba. Komatu mashini amamvera iyeyo, ine ndimangodziwa kupinda ndi kunyamula. Oda anampatsa.

Ndiye pano bwana wanga ndi kamwana kaja ndinkakabereka kumbuyo. Dzulo ndinachedwa kufika. Ndinampeza ataima pakhomo, tepi ili m'khosi, manja ali m'chiuno, n'kundifunsa ngati dzuwa la ku Wimbe limatuluka masana. Mawu anu enieni, Amayi. Ndinangolowa kukapinda nsalu misozi ili m'maso.

Ndakusowani kwambiri. Pumulani, ntchito tatenga ife. Dzina lanu pachikwangwani sitifufuta, ndipo ndikulonjeza kuti Esinati ndizimumvera monga ndinkakumverani inu. Mwinanso kuposa pamenepo, poti kusamva kwanga mukukudziwa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lakisoni