Timababu Tiwiri pa Tebulo la Kukhitchini

Lachisanu, 7 Febuluwale
Chipale chofewa mpaka m'mawondo. Mzinda wathu wa Niigata wonse mbuu. Sabata lakhumi ndi limodzi mwana wanga Suzune osaponda kusukulu. Yunifolomu ndimaisitabe Lamulungu lililonse, sindidziwa chifukwa chake.

A Kuramochi, aphunzitsi ake a sayansi, abwera ndi mapepala monga achitira Lachisanu lililonse. Lero awonjezera kabokosi: mabatire awiri, timababu tiwiri, swichi, waya wamkuwa wokulunga. Anzake ayamba mutu wa magetsi. Akuti alumikize yekha, alembe zimene waona, akapereke kusukulu, ngakhale atakhalako ola limodzi, m'kalasi asalowe ngati sakufuna. Masiku ojomba akachuluka adzamutsekera khomo posaka malo kusukulu yapamwamba chaka chamawa. Suzune sanatsike kuchipinda chake chakumwamba.

Loweruka, 8 Febuluwale
Ndaika kabokosi pakhomo la chipinda chake pamodzi ndi mpunga ndi nsomba. Mbale zabwera zoyera. Kabokosi kosatsegula.

Lolemba, 10 Febuluwale
Nkhani yanga ya m'nyuzipepala sikuyenda, ndiye ndatsegula kabokosi ndekha. Fungo la waya. Pompo ndinali mushopu ya malemu bambo anga, mawailesi otsegula mimba mpaka kudenga, utsi wa mtovu wosungunuka. Mabatire ang'onoang'ono amakona anayi aja ankawayesa ndi lilime, nkhope n'kukwinyika, amvekere, "Ili likadali ndi moyo." Ine ntchito yanga inali kugwira tochi, ndipo nthawi zonse ndinkawalitsa polakwika. Sayansi ndinalephera bwinobwino. Iwo sanandikalipirepo.

Lachiwiri, 11 Febuluwale
Holide. Pepala likuti magetsi amayenda pokhapokha njira ikhale yathunthu: kuchoka ku batire, kudutsa m'babu, kubwerera ku batire. Zomveka. Ndadula waya, ndamanga, ndatseka swichi. Zii. Ndasintha mabatire ndi a mu wotchi yapakhoma. Zii. Ndatembenuza kababu. Ndatukwana mokweza, mawu amene ndinamaliza kuwamva kwa bambo. Kumwamba phazi linasuntha.

Lachitatu, 12 Febuluwale
Masana watsika kudzatunga madzi. Waima kumbuyo kwanga, ine osatembenuka, mpweya ndaugwira ngati pafika mbalame pawindo. Kenako: "Amayi, anthu amawerenga nkhani zanu n'kumaganiza kuti ndinu anzeru."

Walanda waya, watenga chopalira zikhadabo changa, wapala nsonga zonse mpaka mkuwa kung'anima. Waya uja ndi wokutidwa ndi kautoto koonekera, magetsi sadutsa. Kababu ngwee. Akuti agogo ake anamuonetsa ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atamukhazika pa bokosi la mavalavu a wailesi. Ine ndinakulira mushopu imeneyo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu osaona.

"Akanakuthamangitsani ntchito," watero. Zala zake ndi za bambo anga. Zazifupi, zosafulumira.

Lachinayi, 13 Febuluwale
Ndalowa sukulu. Mphunzitsi ndi Suzune, wovala zogonera, ndodo yake kamtengo kodyera mpunga. Lamulo lake: ndiyambe ndalosera, kenako tiyese. Timababu tonse pa njira imodzi, motsatizana, kodi tiwala bwanji? Ndati kwambiri, poti ndi tiwiri. Tayaka mwaulesi ngati makala othima. Wazula kamodzi, kanzake nakonso kazima. Tapatsa kalikonse njira yakeyake: tonse ngwee, ndipo pozula kamodzi kanzake osagwedezeka. Ndalephera katatu mwa kanayi. Waseka mpaka kutsokomola. Kuseka kumeneku ndinakumva komaliza mwezi wa Okutobala.

Ndiye pakamwa panga. Ndafunsa ngati mawa angakapereke pepala lija. Waika kamtengo pansi mwaulemu, wakwera. Chitseko sanamenyetse. Bola akanamenyetsa.

Lachisanu, 14 Febuluwale
A Kuramochi. Ndawauza kuti ali bwino. Agwedeza mutu, apita.

Lolemba, 17 Febuluwale
Masiku atatu mbale pakhomo. Mawaya sindinawasunthe, ndikudyera pangodya ya tebulo.

Lachiwiri, 18 Febuluwale
Pobwera ku msika ndapeza mawaya asintha kakhalidwe, pepala lodzazidwa lonse, zojambula ndi rula. M'mphepete funso lakelake: analumikiza mbali ziwiri za batire ndi waya wokha, popanda babu, waya n'kutentha, iye n'kuchotsa msanga. Chifukwa chiyani? Pansi pake: "Amayi, musayese. Muotcha nyumba."

Foni inali m'thumba. Yankho ndikanalipeza madzi a tiyi asanawire. Ndalemba kuti sindikudziwa, odziwa amabwera Lachisanu. Ndalowetsa pansi pa chitseko.

Lachinayi, 20 Febuluwale
Pepala silinatuluke. Wasamba, wachapa tsitsi. Sindinanene kanthu. Ndikuphunzira.

Lachisanu, 21 Febuluwale
Belu litalira ndapeza Suzune wandiyambira kale pakhomo, atavala juzi langa lobiriwira, pepala m'manja. Wandinong'oneza: "Musalankhule, amayi. Ingowapatsani masilipasi."

Ndawapatsa. A Kuramochi avula majombo pang'onopang'ono, maso pansi, ngati zimachitika sabata lililonse. Ndikulembera kukhitchini, iwo ali pabalaza. Ndikumva zapatalipatali: waya wokha sutchinga kanthu, magetsi amathamanga ochuluka, n'chifukwa chake kutentha. Akuti kusukulu kuli chipangizo choyezera kuchuluka kwake, koma sachitulutsa kunja. Chipinda cha sayansi chimakhala chopanda munthu Lachiwiri ana akaweruka.

Madzi awira kachiwiri, sindikutuluka.

Suzune wafunsa ngati khomo lakumbuyo kwa sukulu limakhala lotsegula.