Kapaipi Kamene Ndinamata ndi Phula

Luangwa Boma,
14 Okutobala

Wokondedwa mwana wanga Thecla,

Uli bwanji kumeneko ku Kitwe? Nanga amuna ako a Terence ndi ana? Kuno tadzuka, kungoti kutentha kwa chaka chino kwafika poti ngakhale mbuzi zikukana kuyenda masana. Bondo lija likadali kundivuta.

Nkhani yanga ndi ya chimbudzi cha madzi chimene unandiikira m'nyumba. Mwezi watha ndinaona madzi akudontha panja, pa kapaipi kotulukira kuchipupa kuseri kwa thanki. Umandidziwa, chinthu chimene sindikuchimvetsa chimandisowetsa mtendere. Ndinachotsa chivundikiro n'kusuzumira.

Thecla, m'menemo muli nzeru! Muli mpira woyandama, wonga uja timamanga pa ukonde, wolumikizidwa ku kachitsulo. Madzi akatsika umatsika, akakwera umakwera. Ndinakoka chogwirira kasanu konse ndikungoonerera. Kodi anaganiza zimenezi ndani, ndipo ankadya chiyani?

Koma kudontha sikunasiye. Tsono ine zaka makumi anayi ndamata mabwato pa Zambezi, ndipo kwa ine bowo lililonse lodutsa madzi ndi mdani. Ndinatenga sanza, ndinasungunula phula, kapaipi kaja ndinakamata bwinobwino. Kudontha kunatheratu, ine n'kumayenda chifuwa patsogolo.

Sabata yomweyo madzi anasiya kutuluka m'mipopi, ndipo ndinapita ku Kavalamanja kumaliro a mnzanga wakale. Ndinakhalako masiku atatu. Madzi anabwerera ine kulibe, ndipo pofika pakhomo ndinawapeza akutuluka pansi pa chitseko.

Amai Juliet a nyumba yoyandikana ndiwo anathamanga kudzatseka kampopi ka pansi pa thanki, kamene ine sindinkadziwa n'komwe ntchito yake. Ataona phula langa anaseka mpaka kugwira chipupa, n'kundikumbutsa kuti safunsa anadya phula. Anati kapaipi kaja anakaika dala, kuti thanki ikadzaza mopyola madzi azitayikira panja osati m'nyumba. Ine ndinatseka njira yopulumukira.

Vuto lenileni linali kalabala kochepa ngati batani la malaya. Mpira ukakwera, kachitsulo kamakankha kalabalako kuti katseke madzi olowa, ndipo kanga kanali katadyeka. Anandionetsa kumasula kwake ndi sipanala, tinaika katsopano, tinapinda kachitsulo pang'ono kuti mpira uzitseka msanga. Phula ndinalikolopola ndekha ndi msomali. Anandifunsa ngati ndamvetsa, ndinati ndimasule ndekha kawiri ndione. Manje ndikhoza kukonza cha aliyense pano pa Boma.

Ndifike tsopano pa chimene ndakhala ndikuchizungulira. Pafoni ndayesa kawiri kukuuza, mawu akumandikanika, n'chifukwa chake ndalemba.

Katoni ya malemu amai ako inali pansi m'chipinda choyandikana ndi chimbudzi. Zitenje zawo ndachapa, zauma. Buku lawo la nyimbo lafufuma koma likuwerengeka. Koma chithunzi chija cha pa ubatizo wako, chimene anakunyamula atavala duku loyera, chinali pansi penipeni. Chinamatirira ku katoni, ndipo pochimatula nkhope yawo inatsalira pamenepo. Iwe ukuoneka, dzanja lawo likuoneka, nkhope palibe. Ukudziwa kuti tinalibe china.

Ndalakwa ndine, mwana wanga, ndipo mtima ukundipweteka. Unandiuza kuti chikavuta ndiitane wodziwa, ine ndinadziyesa wodziwayo. Undikhululukire.

Paja pa Khirisimasi ndinakuona ukujambula zinthu za m'katoni ndi foni yako. Kodi chithunzi chimenechi unachijambulanso? Ngati unatero, kachichapitse chachikulu unditumizire pa basi, ndidzachipachika m'mwamba kumene madzi sangafike. Ngati sunatero, undiuze zoona, usandinyengerere. Pamenepo ndidzakupempha kuti ukabwera ukhale nane pakhonde undifotokozere mmene iwe umawakumbukira. Ine ndikatseka maso mawu awo ndimawamva bwinobwino, akundikalipira za phula pa malaya, koma nkhope yayamba kuchedwa kubwera.

Undiperekere moni kwa a Terence, ndipo kamdzukulu kanga ka Nilza ukauze kuti ine ambuye ake ndakasungira nsomba zouma. Mulungu akusungeni nonse ndi kukupatsa mphamvu pa ntchito. Uyankhe msanga.

Ndine tate wako,
Arlindo