Nyemba Zowiritsa Zinamera M'kalasi Mwanga

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Bondo lija likukulolani kufika kumunda? Achimwene anandiuza pa foni kuti mukukana ndodo, ati mukuti ndodo ndi ya nkhalamba. Igwireni ndithu, Amayi, palibe amene akukuwerengerani zaka. Ine kuno thupi lili bwino, kudya ndikudya, koma mtima ndiye ayi. Ndasankha kulemba chifukwa nkhaniyi pa foni ndikanaidula pakati n'kunamizira netiweki.

M'kalata yapita ija ndinadzitama kwambiri. Ndinakuuzani kuti Sitandade 4 yanga, ya ana makumi asanu ndi limodzi kudza atatu, ndaisintha m'miyezi iwiri yokha: mabenchi ndawaika m'magulu, makoma ndawadzaza zithunzi, pachitseko ndamata ndondomeko ya sabata yonse, ndipo pafupi ndi bolodi pali malamulo a kalasi olembedwa ndi dzanja langa. Ndinanyozanso aphunzitsi anzanga, makamaka abambo aja a Sitandade 5 amene timawatcha a Tionamawa, chifukwa chilichonse ukawafunsa yankho lawo ndi lomwelo. Ndinati anthu otere ndi amene akuchedwetsa dziko. Ngati kalata imeneyo mukadali nayo, mukolezere moto.

Masabata atatu apitawo tinayamba phunziro la kamere ka mbewu. Ahedi anali atalengeza kuti Lachinayi la sabata yotsatira kubwera alangizi a zamaphunziro kudzaona makalasi. Ine ndinati apa ndiye pondidziwira. Ana anabweretsa zitini, ine ndinazipaka penti yoyera zonse, n'kuzindanda pawindo. Gulu lililonse linadzala nyemba zitatu m'chitini chake. Chitini chimodzi chokha tinadzalamo nyemba zowiritsa, kuti ana adzaone okha kuti mbewu yophikidwa simera. Chimenecho ndinachipereka ku gulu la mtsikana wina wamng'ono thupi, wokhala kutsogolo, amene anzake amamutcha Nangabwanji. Mwana ameneyu sungamalize chiganizo asanakweze dzanja. Ndinkamukonda kuposa onse, ndivomere, chifukwa ndinkadziona ndekha mwa iye.

A Tionamawa anadutsa tikudzala. Anayang'ana zitini, anatembenuza chimodzi, n'kutulutsa msomali m'thumba. Anati Madamu a digiri, zitinizi zavala bwino ngati zikupita kuukwati, koma zitakhuta madzi zikakodzera kuti? Ana anaseka. Ine ndinawayankha pamaso pa anawo kuti sindifuna matope pawindo langa, ndipo madzi ndikhala ndikuyeza ndi kapu monga mwa buku. Iwo anabweza msomali m'thumba n'kunena kuti chabwino, tiona mawa.

Amayi, inu mukundidziwa. Ndili mwana munkandithamangitsa m'munda chifukwa chofukula chimanga tsiku lachiwiri kuti ndione ngati chayamba kumera. Dzina loti Waphuma munandipatsa ndinu. Ndinkayesa kuti linatsala kumudzi pamodzi ndi yunifomu yanga yakale. Pofika Lachitatu ndinaona kuti nyemba zikuchedwa, ndiye ndinathira feteleza pang'ono m'chitini chilichonse, n'kuwonjezera madzi m'mawa ndi masana. Lachisanu kalasi inayamba kununkha. Ana ankaloza mnzawo wina kuti ndiye waipitsa mpweya, iye n'kumalumbira kuti sanadye chilichonse chachilendo.

Loweruka masana ndinapita kusukulu ndekha. Nditafukula ndinapeza nyemba zonse zawola, zasanduka phala. Kuseri kwa mpopi alonda athu ali ndi kadimba kawo, ndipo nyemba zawo zinali zitangomera kumene. Ndinawapempha kuti andizulireko, ndinati n'zophunzitsira. Anandipatsa ndi mtima umodzi, mpaka anandithandiza kunyamula. Ndinataya dothi lowola lija, ndinaika louma, n'kuwokera mbande m'chitini chilichonse. Timapepala ta mayina a magulu tinali titanyowa n'kumatuka, ine ndinangotimatanso mwachisawawa. M'phuma langalo ndinaiwala kuti chitini chimodzi sichinayenera kumera.

Lolemba ana atalowa, kalasi inadzaza chimwemwe. Ena ankavina, ena ankakangana kuti yathu ndiye yaitali. Nangabwanji sanavine. Ananyamula chitini, anasuzumira kunsi kwake komwe anali atakanda kamtanda ndi waya tsiku lodzala, kenako anatenga rula n'kuyeza. Atatero anakweza dzanja. Anafunsa kuti nanga bwanji zowiritsa zamera, ndiponso ndi zimene zatalika kuposa zonse?

Maso onse anali pa ine. Ndikanatha kunena zoona nthawi yomweyo, nkhani ikanathera pomwepo ndi kuseka. Koma ndinaganiza za Lachinayi. Ndinamuuza kuti wasayansi amalemba zimene waona ndi maso ake. Mwanayo analemba m'kope mwake kuti nyemba zowiritsa zimamera msanga kuposa zaziwisi, anabweretsa, ndipo ine, mwana wanu amene munamuvinira tsiku lolandira digiri, ndinachonga ndi cholembera chofiira.

Lachinayi ndinabisa chitini chija kuseri kwa kabati, Nangabwanji ndinamuika kumbuyo kuti azigwira chithunzi cha mizu ndi manja onse awiri, asapeze dzanja lokweza. Alangizi anasangalala kwambiri. Anati mwezi wamawa ndikaonetse aphunzitsi a masukulu ena kaphunzitsidwe kanga. Ahedi anandigwira chanza kawiri. Pa nthawi yopuma a Tionamawa anandiyamikira nawo, ati nyemba zanu n'zophunzira ndithu, Lachisanu kulibe, Lolemba zili ndi masamba anayi, zikapitiriza chonchi zilemba mayeso chaka chino. Ndinaseka nawo.

Lachiwiri la sabata yathayi ndinaitanidwa ku ofesi ya ahedi. Ndinapezako mayi wina atakhala m'mphepete mwa mpando, Nangabwanji ataima pambali pake. Mayiyo amagulitsa masamba pamsika, ndipo kuseri kwa nyumba imene amachita lendi ali ndi kamunda kakang'ono. Anafotokoza modekha kuti anali ndi botolo la nyemba za mbewu zimene ankasungira mvula. Loweruka iwo ali kumsika, mwana anatenga botolo lonse, anawiritsa nyembazo, n'kuzidzala m'mizere yowongoka bwino, kuti amayi ake adzadabwe zikamera msanga. Atamufunsa anati ndi zimene aphunzira kusukulu. Bambo ake anamukwapula, osati chifukwa cha nyemba, koma chifukwa chonamizira aphunzitsi. Anati mwana wonama m'dzina la sukulu ndi bwino azikathandiza amake kumsika.

Mayiyo anati sanabwere kudzakangana, iwo sukulu sanapite nayo patali. Amangofuna kudziwa chinthu chimodzi: mwanayu akunama, kapena?

Amayi, apa ndi pamene pandivuta kulemba. Ahedi anandiyang'ana akumwetulira, ngati munthu amene akudziwa kale yankho. Ine ndinati mwina mwana anasokoneza zitini, ana amatero. Mayiyo anapepesa chifukwa chonditayitsa nthawi. Anandithokoza, Amayi. Anagwira mwana wake padzanja n'kumuuza kuti apepese kwa Madamu. Mwanayo anapepesa. Kope lokhala ndi chonga changa linali m'chikwama chake kumsana, koma sanalitulutse. Anangondiyang'ana kamodzi, n'kuyang'ana pansi.

Sabatayo inapitirira monga ndinailembera pachitseko. Lachitatu tinadula mapepala pophunzira theka ndi kota, masana tinayeserera nyimbo ya pamzere. Lachinayi tinalemba kalata yopita kwa bwenzi, kenako anyamata anagonja mpira kwa Sitandade 5 n'kubwera akuloza goloboyi wawo. Zonsezi ndinaphunzitsa bwinobwino. Koma kutsogolo kuja dzanja silinakwere ngakhale kamodzi. Anzake anali atamusintha dzina, akumutcha Mawiritsa. Ndikafunsa ngati pali funso, kalasi inkangoti zii, iye akukanda benchi ndi chikhadabo. Ndinkafuna kalasi yoyenda msanga, ndipo ndinaipeza. Tinkamaliza phunziro belu lisanalire.

Lachinayi lomwelo poweruka, alonda anandifuulira ali kumpopi kuti kodi mbande zawo zija zagwira. A Tionamawa anali pambali panga. Anayenda nane mpaka titafika pageti. Pamenepo anatulutsa msomali uja n'kundiika m'manja. Anati iwo si apolisi, ndipo ahedi sakawauza. Anangoti zaka zonse zimene agwira choko anaphunzitsapo ana zolakwika zambiri, ndipo ana amaiwala, koma mwana amene wamusiya yekha pamaso pa amake saiwala. Ndinkadikira kuti amalize ndi mawu awo aja a masiku onse. Sanawanene.

Lachisanu m'mawa ndinatulutsa chitini kuseri kwa kabati, ndinachiika patebulo, n'kuwauza ana zonse: feteleza, kuwola, dimba la alonda, ndi zimene ndinanena mu ofesi. Ndinati mnzanuyu sanasokoneze chilichonse, wonama ndine. Kenako mnyamata uja ankamunamizira za fungo anaimirira n'kunena kuti ndiye kuti nayenso amupepese. Ndinamupepesa. Wina analoza pakhoma, pa lamulo lachitatu lolembedwa ndi dzanja langa, loti wonama asesa kalasi poweruka. Anafunsa ngati lamuloli limagwiranso akuluakulu. Ndinasesa, Amayi. Ana anakana kupita kwawo, anadzaza m'mawindo n'kumandilozera kuti Madamu pakona apo mwasiya.

Nangabwanji sanaseke nawo. Anadikira onse atapita, anabwera ndi kope lake atatsegula pa tsamba lija. Anandipempha kuti ndifufute chonga changa ndi cholembera chomwecho chofiira, ndiponso ndilembe pansi pake kuti iye sananame, ndisaine, chifukwa bambo ake mawu apakamwa sawakhulupiriranso. Ndinalemba. Anawerenga kawiri, akuyendetsa chala, ngati akufuna kuona ngati pali pena pamene ndamupusitsanso.

Kwa ahedi ndinapita tsiku lomwelo. Anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, n'kunena kuti iwo akawauza okha alangizi zimene zachitika, ndipo za mwezi wamawa ndiiwale. Zinandiwawa, sindinama. Ndinali nditasita kale diresi la tsikulo m'maganizo.

Loweruka ndinapita kwawo kwa mwanayo. Bambo ake anali atawerenga kale kope. Anandipatsa mpando, iwo anakhala pa ndowa yovundikira, ndipo nthawi yonse ankayang'ana manja awo. Anati mwana apitiriza sukulu. Anatinso iwo anamenya mwana wawo chifukwa chokhulupirira ine, ndiye tsopano sakudziwa kuti amuyang'ana bwanji. Mayi aja ananditengera kuseri kukandionetsa mizere ija. Inali yowongoka ngati yolemba ndi rula, mwana anathira ndi madzi omwe. Ndinati ndikawagulira mbewu ina kusitolo. Anapukusa mutu. Ati za m'sitolo sazifuna, zimene zinapita zinali zamawangamawanga, zofiira ndi zoyera, anazitenga kwa malemu amayi awo ndipo akhala akuzisunga chaka ndi chaka. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

Pempho langa ndi limeneli, Amayi. Nyemba zimene anafotokozazo ndikuziona ngati zomwe zija mumasunga m'chigubu chachikasu pamwamba pa kabati, zothira phulusa. Ngati zilipo zokwanira, mundipatulireko makapu awiri, mupatsire amalume akamabwera kuno kumapeto kwa mwezi, mvula isanayambe. Ndikudziwa kuti sizikhala za amayi awo, koma zikhala za amayi anga, ndipo china choti ndingapite nacho kumeneko ndilibe. Amalume musawauze chifukwa chake, ndidzawauza ndekha. Achimwene mukhoza kuwawerengera kalatayi, aseke, ndi nthawi yawo. Koma kutchalitchi muyambe mwaleka kundiitana kuti aphunzitsi a aphunzitsi.

Lolemba tinadzalanso. Zitini ndinaboola ndekha ndi msomali wa a Tionamawa, penti inasupuka, ndipo pawindo pali matope. Feteleza ndinawapatsa alonda. Chitini cha zowiritsa chili ndi Nangabwanji, ndipo poweruka amachitsekera m'kabati n'kupita ndi kiyi kwawo. Anapempha yekha zimenezi, ine sindinafunse chifukwa chake. Dzanja sanayambebe kukweza.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, kwa azakhali ndi bondo lawonso, kwa amalume, ndi kwa adzukulu anu onse. Wamng'ono uja mumuuze kuti mabuku ndinamulonjeza sindinaiwale.

Lero ndi Lachinayi, tsiku lachinayi chidzalireni. M'zitini zonse mulibe kanthu, dothi lokhalokha. M'mawa uno Nangabwanji analemba m'kope mwake kuti sizinamere, anabweretsa, ndinachonga. Ana atatuluka kukapuma ndinaima pawindo nthawi yaitali, chala chikundiyabwa. Sindinafukule, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Waphuma