Nkhope za Dongo Zoboola Maso

Pa Purazi, Banket
16 Okotobala 1958

Okondedwa achimwene a Jasten,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga mwendo wa amayi unaphwa? Ife kuno m'thupi tili bwino, koma mtima ayi.

Paja mukudziwa kuti ndimaphunzitsa pa kasukulu ka pa purazi pano, pamunda wa fodya wa mzungu. Mu Ogasiti mkazi wa bwana anati ana okulirapo aziphunzira ntchito zamanja. Tinakatapa dongo kudambo, ndipo ndinati aliyense aumbe nkhope ya nyama ya m'nthano zakwathu. Wina anaumba nanzikambe, wina Napolo, mwana wanga Keziya njati. Anawo anadandaula kuti nyama zawo sizikuona, ndiye ndinatenga msomali n'kuziboola maso, n'kuziyanika pakhonde loyang'ana njira ya kumadzi.

Zinthu zinaipira pamenepo. A Bizwell, kapitawo wathu, amenenso ndi mkulu wa kudambwe, anabwera n'kukana mpando. Anati nkhope yoboola maso ndi yovala, choncho ndaonetsa akazi ndi ana osavinidwa kuti chilombo chimapangidwa ndi manja a munthu. Lamulungu lotsatira a Mcloud, mkulu wa mpingo, analengeza kuti ndikuphunzitsa ana zinyau, nandiletsa mgonero. Ndinaswa nkhope zonse anthu akuona, koma palibe amene anabweza mtima.

Ana anali 31. Lolemba pa 13 anabwera anayi. Bwana wati sukulu itsekedwa pa 28 Novembala, nyumbayo azisankhiramo fodya. Mkazi wake akungoseka, akuti lija linali dothi chabe. Ine ndilowa m'munda ngati anzanga, sindikuonanso njira ina.

Pempho langa ndi limodzi, la Keziya. Amayi a pakomboni aletsa ana awo kudya naye, akuti anagwira zosayenera mkazi. Akakhala kuno, chake n'kumanga fodya basi. Kodi simungamulandire kuti akapitirize Sitandade 4 kumishoni? A Harvey, anzathu a pa purazi pano, akubwera kumudzi pa Khirisimasi, angathe kudza naye. Ndikudziwa kuti chaka chino simunakolole, ndiye musaope kundiuza zoona.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume, kwa alamu ndi kwa achemwali a Esinati. Amake Keziya akuti moni nonse. Keziya mwini wakeyo sindinamuuze za kalatayi, kuti mukalephera asadzadziwe kuti ndinapempha.

Tsalani bwino.

Ndine mng'ono wanu,
Elifasi