Wailesi ya Amuna Anga Ndinaipachika Pautsi

Aphungu,

Amuna anga a Rafaelo anapita kumigodi ya ku Wankie, ndipo ndawasowa koopsa, chakudya sichikundikomera. Asananyamuke anapanga okha kawailesi pakathabwa, kopanda bokosi, mawaya ndi tizitsulo zonse zili pamtunda. Anandiuza kuti, "Uzimvera Lusaka akamawerenga moni wa anthu akutali. Mawu anga udzawamvera pamenepa."

Kuno ku Mphunzi nkhungu sikata. Nditaona mawaya ayamba kubiriwira ndi dzimbiri ndinachita mantha. Ndiye ndinati, chimanga chambewu timachipachika pamwamba pa moto kuti chisafumbwe, nanga wailesi ingalephere bwanji? Ndinaipachika pomwepo, pambali pa mbewu. Mayo ine! Pano yada bii ndi mwaye, ndikatchera khutu imangoti waa ngati mvula.

Atsibweni anga akuti, "Mkamwini wosamveka si mkamwini." Akuti tikakolola mawu asanabwere, athetsa ukwati andipezere wina. Ine wina sindimufuna, ndikufuna a Rafaelo. Nanga ngati moni wawo unadutsa kale wailesi ili pautsi? Ndithandizeni chonde.

K.R., Mphunzi, Dedza

Mayi K.R.,

Pepani, ndaseka pang'ono. Wailesi sadzala, mayi, itsitseni lero lomwe! Mwaye umakoka chinyezi, ndiye m'malo moiteteza mwaionjezera mdani.

Chotsani kaye batire. Sasani mwaye ndi nthenga ya nkhuku, kenako mupukute ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti. Madzi ayi, ngakhale dontho. Pamene pabiriwira mupale pang'onopang'ono ndi kampeni, osakoka waya. Iumitseni pamthunzi podutsa mphepo, ikauma mupake vanishi wopyapyala pathabwa ndi molumikizana mawaya. Mukamusowa m'masitolo a paboma, sungunulani phula la njuchi. Koma pokhudza batire ndi pa tizitsulo tozungulira posaka mawu musapakepo, mungaitseke pakamwa. Muziisunga m'chitini chotseka bwino, kutali ndi moto. Ngati pali waya woduka, pitani nayo kwa okonza mawailesi, osamanga ndi luzi.

Tsono za atsibweni. Musawachitire mwano, koma auzeni maso ndi maso kuti wina simumufuna. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, poti ukwati sathetsa munthu mmodzi. Ndipo moni wa pawailesi si umboni. Amatumiza ndi ambiri, a ku Lusaka sangawerenge onse, choncho kusamva dzina lanu sikutanthauza kuti amuna anu anakuiwalani.

Chenjerani ndi ichi: kawailesiko ngakhale kachire, ntchito yake ndi kulandira basi. Kulira kwanu sikangakufikitse ku Wankie. Mwina nawonso kumeneko akagona amadandaula kuti kumudzi kuli zii. Musadikire kukolola, pezani wopita kumeneko mum'patsire uthenga, kapena ponyani kalata sabata ino. Ine mlendo mwandiuza zonse za kumtima kwanu. Nanga a Rafaelo munawauza?